Kompyuta ikuchedwa kuyaka mutangosomeka external kapena pulinta? Musathamangire kufomata

Loweruka lapitali alamu anga anandiimbira foni cha m'ma 6 m'mawa mawu ali njenjenje, akuti alamu bwerani msanga laputopu yafa. Iwowa amajambula maukwati ndi zinkhoswe, amakhala ku Chilomoni, ndiye tsikulo anali ndi ukwati masana koma makhadi onse a kamera anali odzadza ndi chinkhoswe cha sabata yatha chomwe anali asanasamutse. Kufika kuja ndapeza laputopu sinafe ayi, ikuyaka ndithu, kungoti ikumakhala pa logo nthawi yaitali moti utha kukoleza mbaula nkubwerera uyipeze ili pomwepo, ndipo ikafika pa Windows kukopa khadi imodzi ikumalemba kuti kwatsala maola atatu. Pa tebulo panali external (hard drive yosomeka kunja pa USB) yatsopano ya 1TB, pulinta, card reader, mausi yopanda chingwe, zonsezo zitapanikizana pa ka hub kamodzi, kaja kochulukitsa ma poti a USB, kogula ku Limbe ngati minibasi ya ku Ndirande madzulo. Ndipo mnyamata wina anali atawauza kale kuti imeneyo ndi vayilasi, bweretsani tifomate.

Sitinafomate chilichonse. Ine zofomata chisawawa zimandinyansa, chifukwa munthu amataya tsiku lonse, mapulogalamu ake onse, nthawi zina ndi zithunzi za ana zomwe, kenako akasomekanso zinthu zomwezija pa poti yomweija vuto lija nkubwerera mmene linalili. Ngati kompyuta imayenda bwino dzana ndiye yayamba ulesi mutangoibweretsera chinthu chatsopano, woyamba kumukaikira ndi mlendoyo.

Choyamba zulani zonse. Zonse ndithu, external, fulashi, pulinta, dongle ya intaneti, hub, memori khadi yomwe munaiwala mu slot, pa laputopu musiye chaja basi, pa desikitopu musiye kiyibodi, mausi ndi sikilini. Kenako thimitsani, koma apa pali kamsampha. Kuyambira pa Windows 8 kuli chinthu chotchedwa Fast Startup, mukadina Shut down kompyuta siimathima kwenikweni, imasunga mbali ina ya Windows ndi madalaiva (timapulogalamu tothandiza Windows kuyendetsa zida) mu fayilo kuti mawa idzadzuke msanga, ndiye ngati dalaiva wina wasokonezeka imadzuka nayenso msokonezo womwewo. Gwirani batani la Shift uku mukudina Shut down, kapena ingodinani Restart, pamenepo imayambiradi pachiyambi. Tengani foni, tsegulani stopwatch, werengani masekondi kuyambira podina batani loyatsira mpaka pamene mungathe kutsegula foda popanda kudikira. Lembani penapake. Ndiye somekani chinthu chimodzi, yatsaninso, werengani, lembani. China, chimodzimodzi. Zimatopetsa inde koma pakatha mphindi 20 wolakwa amakhala atadziulula yekha, ndipo mumakhala ndi manambala osati zongomva m'thupi kuti ikuoneka ngati ikuchedwa.

Kwa alamu tinapeza kuti popanda kanthu laputopu ikuyaka bwinobwino, titasomeka external ndi pamene inayamba kuganiza pa logo paja.

Malo amene ikuchedwera ndi ofunika kwambiri kuwaona. Ngati ikukhalitsa pa logo ya kampani yopanga laputopuyo, timadontho tozungulira ta Windows tisanabwere, ndiye kuti Windows ilibe mlandu chifukwa sinayambe nkomwe ntchito. Amene ali pa ntchito nthawi imeneyo ndi kapulogalamu ka mkati mwa makina kotchedwa BIOS, kapena UEFI pa makina atsopanowa, ndipo ntchito yake nkuwerenga zonse zomwe zalumikizidwa nkusaka komwe kuli Windows. Ili ndi mndandanda wa poyambira kusaka, umatchedwa boot order. Malaputopu ambiri a ex-UK amene timagula m'tauni muno amakhala kuti woikamo Windows anagwiritsa ntchito fulashi, anaika USB pamwamba pa mndandandawo nkuiwala kubwezera. Masiku onse simunaone vuto poti pa USB panalibe kanthu. Lero mwasomeka external, BIOS ikuyamba yadikira kaye kuti timbale ta mkati mwa external tizungulire, ifufuze ngati muli Windows, isapeze, ndiye ipite kwina. Zina zimafika pongoima ndi sikilini yakuda kakuthwanima kamzere pakona, kapena kulemba kuti palibe boot device, munthu nkuyamba kutuluka thukuta.

Kukonza kwake nkosavuta. Mukangodina batani loyatsira yambani kudina batani lolowera mu BIOS mobwerezabwereza, pa HP ndi F10 kapena Esc kaye, pa Dell ndi F2, pa ThinkPad ndi F1, ma desikitopu ambiri ongolumikiza ndi Del. Pezani pomwe palembedwa Boot kapena Boot Order, kwezani Windows Boot Manager kapena dzina la hard drive yamkati likhale nambala wani, USB itsike pansi, ndipo ngati mukuona Network Boot kapena PXE itsitseninso kapena ithimitseni, imeneyo ndi ya m'maofesi akuluakulu komwe makompyuta amayakira pa netiweki, kunyumba imangodya masekondi. Sevani ndi kutuluka. Koma chonde m'menemo musamangogwiragwira zilizonse, makamaka pomwe palembedwa SATA mode kapena AHCI, mukasintha pamenepo Windows itha kukana kuyaka ndiye mwadziputira ina nkhani. Musanasinthe kanthu jambulani sikilini ndi foni kuti mudziwe pobwerera.

Pa Windows 10 ndi 11 mutha kuonanso nambala yake. Dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, Task Manager itseguka, pitani pa Startup, pakona yakumanja m'mwamba pamalembedwa Last BIOS time ndi masekondi ake. Yerekezani nambala imeneyo external ili yosomeka ndi ili yozula, kusiyanako kukuuzani zonse.

Nanga ngati logo ikudutsa msanga koma ikumakagwa ulesi ikafika pa desikitopu, mausi ikungozungulira? Apo ndiye nkhani ili mu Windows, ndipo pa Startup pomwepo ndi pamene pali mayankho. Zida zambiri zimabwera ndi mapulogalamu ake, makamaka mapulinta, ukaika CD kapena kukopera dalaiva pa intaneti zimalowetsanso pulogalamu yoona inki, ina yoona ma update, ina yopangira sikani, ina yongokuuzani kuti gulani inki, ndipo zonsezo zimafuna kudzuka limodzi ndi kompyuta m'mawa uliwonse. Ma external enanso amabwera ndi pulogalamu ya backup yomwe imayamba kuwerenga mafayilo anu onse ikangoyaka. Yang'anani pomwe palembedwa Startup impact, zomwe zili High ndipo simuzifuna m'mawa dinani kumanja musankhe Disable. Simunazifufute, pulinta izisindikizabe, kungoti zizidikira muziitane. Antivayilasi yokha isiyeni.

Kenako dinani kumanja pa batani la Start mutsegule Device Manager. Mukufuna kachizindikiro kachikasu ka makona atatu, kapena chinthu cholembedwa Unknown device, makamaka pansi pa Universal Serial Bus controllers. Chikapezeka ndiye kuti Windows ikulimbana ndi chida chomwe ilibe dalaiva wake woyenera. Dinani kumanja, Uninstall device, zulani chidacho, Restart, somekaninso kuti iyambirenso kuchizindikira. Zikakanika kopani dalaiva pa webusaiti ya kampani yomwe inapanga laputopuyo kapena chidacho polemba model yake yeniyeni yomwe ili pa sitika pansi. Timapulogalamu tija tolonjeza kuti tikupezerani madalaiva onse ndi kudina kamodzi, ine sinditikhulupirira olo pang'ono, tambiri timabwera ndi zinyalala zochedwetsanso makina. Ndipo amene mudakali pa Windows 7, ndikudziwa mulipo ambiri m'ma bureau ndi pa mabenchi oika nyimbo, dziwani kuti Windows 7 siidziwa USB 3.0 payokha, mpaka muike dalaiva wake, apo ayi poti yabuluu ija izikhala ngati yakufa kapena izigwira mwaulesi. Komanso Microsoft inasiya kuisamala mu January 2020, Windows 10 nayo inasiya kusamalidwa pa 14 October 2025, ndiye makina amene mumasomekapo mafulashi a anthu tsiku lonse muziganizirapo.

Tsopano za kukopa, pomwe alamu mutu unawawira kwambiri.

Ma poti a USB amafanana maonekedwe koma si amodzi. USB 2.0 ndi ya chaka cha 2000, pa pepala imathamanga 480 megabits pa sekondi, ukagawa ndi 8 ndi 60MB pa sekondi, koma zenizeni umaona pakati pa 30 ndi 40 basi. USB 3.0 inabwera 2008 ndi 5 gigabits pa sekondi, kuposa kakhumi. Pamenepo chochedwa chimakhala external yomweyo, ya timbale tozungulira imafika cha m'ma 100MB ndi kupitirira pang'ono, ya SSD, yopanda timbale, imatha kufika 400 kapena kuposa. Tiyeni tiwerengere limodzi: vidiyo ya ukwati ya 60GB pa 30MB pa sekondi ndi mphindi zoposa 30, pa 110MB ndi mphindi 9, pa 5MB pa sekondi ndi maola atatu ndi mphindi 20. Mukamakopa dinani More details pa kabokosi kaja muone nambala. Ikakakamira pa 30 mpaka 40 osasuntha, dziwani kuti penapake pa msewu pali USB 2.0, ndipo msewu wonse umayenda pa liwiro la chinthu chochedwetsetsa, kaya ndi poti, kaya chingwe, kaya hub, kaya card reader.

Suzumirani mu poti. Ya 3.0 nthawi zambiri kalilime kake ndi kabuluu kapena pambali palembedwa SS, ya 2.0 ndi yakuda. Malaputopu ambiri akalewa ali ndi imodzi kapena ziwiri zabuluu, zina zakuda, ndiye anthu timasomeka mausi pa yabuluu external pa yakuda osadziwa. Maina asakusokonezeni, 3.0, 3.1 Gen 1 ndi 3.2 Gen 1 ndi chinthu chimodzi chomwecho anangochisintha dzina kawiri. Pa desikitopu yesani ma poti akumbuyo, amene aja ali pa motherboard penipeni, akutsogolo amadutsa pa kachingwe kamkati ndipo pa makina akale amakhala a 2.0. Palinso kachinthu kena komwe ambiri sakhulupirira mpaka ataona: pulagi ya 3.0 ili ndi mapini 9, anayi kutsogolo asanu mkati, ndiye ukamailowetsa pang'onopang'ono mwaulemu anayi akutsogolo aja amagunda kaye, kompyuta nkuganiza kuti ndi 2.0 nkuyamba kuyenda choncho. Zulani, lowetsani kamodzi mpaka kumapeto. Ndipo fumbi la mu October limadzadza m'ma poti, thimitsani makina muchotse ndi kaburashi kouma, osati singano kapena waya.

Ka hub ka alamu kanali ka 2.0, kopanda chaja yakeyake. Apa pali mavuto awiri pamodzi. Zonse zomwe zili pa hub zimagawana msewu umodzi, ndiye kukopa kuchoka pa card reader kupita pa external zonse zili pa hub yomweyo nkupanikizana kawiri, kulowa ndi kutuluka. Lachiwiri ndi moto. Poti ya 2.0 imapereka 500mA, ya 3.0 imapereka 900mA, ndipo external yaing'ono ija yopanda chaja imadya moto wonse kuchokera pa poti, makamaka poyamba kuzungulira. Mukaigawanitsa kamoto komweko ndi card reader ndi mausi imayamba kulira kuti tiki, tiki, tiki, kuzimiririka pa My Computer nkubweranso, ndipo ndi zomwezo zimachedwetsanso kuyaka chifukwa BIOS imangoidikira. Ikani khutu pa external yanu. Ikamalira choncho isomekeni payokha pa laputopu penipeni musanaiweruze kuti yafa. Ngati ma poti ndi ochepa gulani hub ya 3.0 yokhala ndi adaputala yake yosomeka kukhoma, ndipo muiyesere pa shopu pomwepo ndi laputopu yanu, chifukwa pulasitiki wabuluu aliyense atha kuika.

Chingwe nachonso. Gwiritsani ntchito chachifupi chomwe chinabwera ndi external. Zija zowonjezera kutalika zambiri ndi za 2.0 ndipo moto umafooka m'njira. Ma external ambiri ali ndi poti yotakata ya mbali ziwiri, chingwe chakale cha foni chimalowa mbali imodzi nkugwira ntchito ndithu, koma pa liwiro la 2.0. Za foni ndiye musadabwe nazo, mafoni ambiri olo ali ndi Type-C mkati mwake ndi 2.0, ndipo zingwe zina zotchipa nzongotchajira mulibe mawaya a data, foni imangotchaja osaoneka pa kompyuta. Ngati mavidiyo ali pa memori khadi bola kuichotsa muike mu card reader.

Pali kena koseketsa komwe tinakaona titasamutsira external pa poti yabuluu: mausi inayamba kudumphadumpha. USB 3.0 imatulutsa phokoso la wailesi cha pa 2.4GHz, pomwe pamayendera mausi ndi kiyibodi zopanda chingwe ngakhale WiFi ina, Intel inalembapo za zimenezi mu 2012. Tinangosamutsira ka receiver mbali ina ya laputopu, nkhani yatha.

Mukaona kuti external ikumadukaduka ili payokha, lowani mu Control Panel, Power Options, Change plan settings, Change advanced power settings, pa USB settings muike USB selective suspend pa Disabled. Mu Device Manager namonso pa USB Root Hub iliyonse pali Power Management, chotsani kachongi kolola kompyuta kuthimitsa chidacho posunga moto. Batire izitha msangako pang'ono, koma bola. Ndipo pokopa zinthu zikuluzikulu laputopu ikhale pa chaja.

Ngati poti, chingwe ndi moto zili bwino koma liwiro likadali lokwawa, yakwana nthawi yokaikira chosungiracho. Mafayilo ang'onoang'ono ambirimbiri amachedwa mwachibadwa, zithunzi 5,000 zimatenga nthawi kuposa vidiyo imodzi ya kukula komweko chifukwa fayilo iliyonse imatsegulidwa, kulembedwa, kutsekedwa, antivayilasi nayo nkuinunkhiza. Zipangeni zip kaye ngati mukungosunga. Musakopenso mafoda asanu nthawi imodzi pa external ya timbale, mutu wowerengera umangothamangira uku ndi uku, imodzi ithe kaye. Mukaona liwiro likuyamba bwino kenako nkugwa pakati si vuto lanu, ma drive ambiri ali ndi kamalo kothamanga kolandirira, kakadzadza amabwerera pa liwiro lawo lenileni. Mafulashi otchipa ndiye polemba amakwawa olo asomekedwe pa poti yabwino bwanji, ndipo ena ndi abodza, kunja alemba 128GB mkati muli kochepa, amalandira mafayilo ngati zili bwino koma pokatsegula zonse zowonongeka. Kapulogalamu kaulere kotchedwa H2testw kamadzadza fulashi yonse nkuwerenganso, kamaulula bodzalo, kayeseni fulashi ili yopanda kanthu ndipo lisiti musataye.

Ya external yesani ndi CrystalDiskInfo, nayonso ndi yaulere. Ikalemba Good mwabuluu pumani. Ikalemba Caution mwachikasu, makamaka pa Reallocated Sectors kapena Current Pending Sector, siyani zoyesayesa zonse muyambe kusamutsa zofunika lero lomwe, kuyambira zomwe simungazipezenso. Drive yodwala imachedwetsa chilichonse, kuyaka komwe, chifukwa Windows imangobwereza kuwerenga malo owonongekawo. Musaithamangitsire chkdsk, pulogalamu ya Windows yofufuza ndi kukonza drive, musanasamutse, kuikakamiza kuwerenga paliponse kutha kuimaliza. Ambiri timanyamula external m'chikwama pa kabaza m'mabampu a ku Machinjiri, ina mpaka kugwa pa tebulo ili mkati mozungulira, timbale timeneti sitipirira zimenezo.

Fayilo ikakana kulowa nkumati ndi yaikulu pomwe malo alipo ambiri, ndiye kuti fulashiyo inafomatidwa mu mtundu wa FAT32, siilandira fayilo imodzi yoposa 4GB. Samutsani zomwe zilimo, fomatani fulashiyo kukhala exFAT ngati muzigwiritsanso ntchito pa Mac, kapena NTFS ngati ndi Windows yokhayokha. Kufomata kumene ndimalola nkumeneku, kwa fulashi, osati laputopu. Koma onani kaye ngati TV kapena wailesi ya m'galimoto yanu imawerenga zimenezo, zakale zambiri zimadziwa FAT32 yokha.

Mu Device Manager, pa Disk drives, mukatsegula Properties za external pali Policies, pomwe mungasankhe Quick removal kapena Better performance. Kuyambira pa Windows 10 version 1809 imabwera ili pa Quick removal. Better performance imathandizako pa mafayilo ambiri, koma imasunga zina m'memori isanalembe, ndiye magetsi akangothima muli pa desikitopu yopanda UPS (batire yosungira moto), kapena mwana akazula chingwe, zomwe zinali m'njira zapita ndipo nthawi zina drive yonse imayamba kufunsa zofomata. Mmene magetsi amachitira kunoku ine pa desikitopu ndimasiya pa Quick removal. Pa laputopu ya batire yamoyo mutha kuyesa, bola muzidina Eject nthawi zonse musanazule.

Za vayilasi zija mnyamata uja sananame kotheratu, mafulashi oyenda m'ma bureau amatola ndithu ija yosandutsa mafoda kukhala ma shortcut, ndipo imatha kudya mphamvu ya makina. Koma imaoneka, mu Task Manager mumapeza chinthu chachilendo chikudya CPU kapena Disk muli chikhalire. Pangani Full scan ndi Windows Security, osadina ma shortcut aja. Kwa alamu sikani inatuluka yoyera.

Pomafika 8 koloko tinali titakweza Windows Boot Manager pamwamba, kuthimitsa timapulogalamu titatu ta pulinta pa Startup, external ili payokha pa poti yabuluu ndi chingwe chake, khadi ya kamera ili mu slot ya laputopu m'malo mwa card reader. Ka hub sitinakataye, kanatsala ndi pulinta ndi mausi, zimenezo sizifuna liwiro. Khadi yoyamba inatha alamu asanamalize kusita malaya, yachiwiri akumanga tayi. Anandifunsa kuti alamu ndikupatseni zingati, ndinati mundigulire chingwe china cha external chosungira chifukwa chomwe muli nachochi chayamba kuthyoka pakhosi, iwo nkunyamula kamera ulendo ku tchalitchi, ine ndinatsala ndi achemwali tikumwa tiyi wa mbatata uku khadi yachitatu ikukopa.